Kukhetsa oyilo wa Probox pakhomo: chovuta si oyiloyo, koma bawuti ya pa sampu

Achimwene, mwati mukufuna kusintha nokha oyilo wa Probox yanu ya injini ya 1NZ, ndipo mafunso anu ndi atatu: mukhetse injini ili yotentha kapena yozizira, mudikire nthawi yaitali bwanji kuti yense atuluke, komanso ngati n'zoona kuti kutsuka mkati ndi dizilo kumathandiza, monga ena akulangizirani.

Za dizilozo musayerekeze n'komwe. Ngakhale mutakhetsa tsiku lonse, mu injini mumatsalabe kanthu: mu pampu ya oyilo, m'timipata topita ku ma bearing, ndi pamwamba ku cylinder head. Mukathira dizilo kapena palafini, wotsalayo amasungunula oyilo watsopano mwagula ndi ndalama zanu uja, ndipo ma bearing amayamba kudyeka. Chinanso, dizilo amamatula litsiro lomwe linakakamira m'mbali, zidutswa zake n'kukatseka sefa imene pampu imayamwira oyilo mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini mmene oyilo amakhala. Ngati mukukayikira kuti mkati muli phala lakuda, thirani oyilo wabwino ndi fyuluta yatsopano, yendani makilomita 1,000 kapena 2,000, kenako sinthaninso zonse ziwiri. Litsiro limachoka pang'onopang'ono osatseka kalikonse.

Oyilo akhale wofunda, osati wowotcha. Lizani injini mphindi 5 mpaka 10, izimitseni, dikirani mphindi zina 5 kuti amene ali pamwamba atsikire mu sampu. Wozizira amatuluka mwaulesi ndipo amasiya zinyalala zitakhazikika pansi. Koma ngati mwangofika kuchokera ulendo wautali, oyilo amakhala pafupifupi madigiri 90 mpaka 100, wokwanira kusupula khungu, choncho dikirani theka la ola. Sampu mukatha kuikhudza ndi dzanja kwa kanthawi, nthawi yakwana.

Musanalowe pansi, tsegulani boneti, masulani chitsekerero chothirira oyilo, musololenso dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) pang'ono. Kwenikweni cholinga chake n'choti mudziwiretu kuti chitsekererocho chikutseguka, injini isanakhale yopanda oyilo. Fyuluta imene mwagula iyerekezeninso ndi yakale ikadali pomwepo.

Galimoto iime pamalo olimba ndi osapendekeka, handibuleki yokoka, giya pa P kapena pa 1, matayala akumbuyo otchinga ndi mitengo kapena miyala. Jeke ya m'buti ija ntchito yake n'kusinthira tayala basi, munthu salowa pansi pa galimoto imene yangodalira iyo. Ikani ma stand, miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto, pamalo olimba a chasisi. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, amaphwanyika mosachenjeza. Ngati ma stand palibe, kwezani matayala akutsogolo pa matabwa okhuthala ndi otambalala, galimoto ikhale pa matayala ake. Pa 1NZ bawuti yokhetsera imayang'ana chakumbuyo, ndiye kukweza kutsogolo pang'ono kumathandiza kuti oyilo ayenderere komweko.

Tsopano onetsetsani kuti bawuti mukuigwirayo ndi ya injinidi. Apa ndi pamene ambiri amawonongera galimoto. Pansipo pali masampu awiri oyandikana ngati galimoto ndi ya automatic. Injini ili mbali ya dalaivala, giyabokosi ili mbali ya pasenja. Bawuti ya injini imalowa sipanala ya 14. Mukamasula n'kuona kuti akutuluka ndi wofiirira kapena woyera bwino, osati wakuda, tsekani msanga, mwakhetsa giyabokosi. Wosazindikira amapitiriza, n'kuthira malita anayi ena mu injini yodzaza kale, n'kunyamuka giyabokosi ili youma.

Gwiritsani soketi kapena sipanala ya ring. Shifting ndi pulayazi zimadya makona a bawuti, ndipo ikangokhala yobulungira ntchito ya theka la ola imasanduka ya tsiku lonse. Imamasukira kumanzere mukaiyang'ana kumutu kwake, koma poti mwagona chagada ndipo yayang'ana kumbuyo, mutu umasokonezeka, munthu n'kumamanga akuyesa akumasula. Ratchet itcherenitu mbali yomasulira muli panja. Ikakana, menyani sipanala kamodzi mwamphamvu ndi chikhatho, kusiyana n'kuikoka pang'onopang'ono.

Ikangogonja, malizani ndi zala. Muziikankhira mkati uku mukupotokola, kuti oyilo asayambe kuchucha m'manja, ndipo mukamva kuti yafika pomaliza ichotseni mwachangu dzanja likupita m'mwamba. Oyilo poyamba amathamanga kutali, sagwera pansi penipeni pa bowo. Beseni liikeni chakumbuyo pang'ono, muzilikokera pafupi mphamvu ikamachepa. Likhale lolowa malita 6 kapena kuposa. Kukakhala mphepo tchingani ndi katoni, apo ayi kamtsinje komaliza kaja kamwazikira pa simenti ponse.

Kudikira kwake ndi mphindi 10 mpaka 15. Akasiya kuyenda ngati ulusi n'kuyamba kudontha limodzilimodzi, basi. Kusiya usiku wonse kumangowonjezera timasupuni tochepa, pamene fumbi likulowa. Ndipo musalize injini bawuti ili kunja poti "atuluke yense". Masekondi ochepa opanda oyilo amawononga kuposa zimene oyilo wakale wotsalayo akanachita chaka chonse.

Muli kudikira, muyang'aneni oyiloyo padzuwa. Kuda kokha si vuto, ndiye ntchito yake. Akakhala ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu oyilo, ndipo kawirikawiri vuto ndi head gasket, chotseka mpata pansi pa cylinder head. Tinthu tonyezimira tachitsulo tikusonyeza kuti ma bearing akutha. Akamanunkha petulo kwambiri ndipo ali ngati madzi, ma injector kapena mapulagi aonedwe. Mumuyesenso kuchuluka pomuthira m'chigubu cha malita odziwika. Injini iyi imalowa malita 3.7. Mukapeza 2.5 okha ndiye kuti ikudya oyilo kapena ikudontha penapake, ndipo muyenera kumayang'ana dipstick sabata iliyonse.

Pa bawuti pali washer yopyapyala imene imaphwatalala mukamanga, n'kutseka mpata. Imagwira bwino ntchito kamodzi. Ya Toyota nambala yake ndi 90430-12031, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi sampu. Nthawi zambiri yakale imatsalira itamatirira pa sampu, yakuda ngati sampuyo, munthu n'kuikapo yatsopano pamwamba pake. Papasani ndi chikhadabo, ichotseni, pukutani pamalopo. Mavuto ambiri a sampu amayambira apa: washer yakale imadontha, mwini wake amamangitsa kuti kudontha kuleke, ulendo wotsatira amamangitsanso, mpaka ma thread, mizere imene bawuti imagwirapo, amatha. Thread tape ndi silikoni si mankhwala ake. Chomwe chimatseka oyilo ndi washer, osati ma thread, ndipo zidutswa za silikoni zikagwera mkati zimakathera pa sefa ija.

Pobwezera, yambani ndi zala mpaka bawuti ikafike pa washer. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, yalowa mopingasa, bwererani muyambirenso, musaikakamize ndi sipanala. Mlingo wa Toyota wa mphamvu yomangira bawutiyi pa injini iyi ndi 38 Nm. Popanda torque wrench, sipanala yoyeza mphamvuyo, gwirani sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi, mumange mpaka mumve washer yaphwatalala, zomwe sizipitirira kota ya kuzungulira kumodzi kuchokera pamene zala zalekera. Paipi yowonjezera mphamvu isayandikire. A Honda Fit amene mukuwerenga, yanu ndi sipanala ya 17 ndi 39 Nm, ndipo muchenjere koposa chifukwa sampu yanu ndi ya aluminiyamu, ma thread ake sachedwa kutha. Bawuti ikayamba kungozungulira osalimba, musathiremo oyilo. Ma thread akonzedwe ndi helicoil (kawaya kopota kolowa m'malo mwa ma thread otha) kapena sampu isinthidwe.

Fyuluta ili chakutsogolo kwa injini, chapansi. Sunthirani beseni pamenepo chifukwa imatuluka ndi oyilo wake. Ikachoka, yang'anani ngati labala yake yozungulira yabwera nayo. Ikatsalira pa injini inu n'kumanga yatsopano pamwamba, malabala awiriwo amagwira kwa kanthawi, kenako imodzi imafwamphuka muli pa msewu, oyilo yense n'kutayika m'mphindi zochepa. Pukutani pokhalira pake, pakani oyilo watsopano pa labala ya fyuluta yatsopano, ipotokoleni ndi dzanja mpaka labala ikhudze, kenako onjezerani makota atatu a kuzungulira kumodzi. Chida chogwirira fyuluta n'chomasulira chabe. Fyuluta zotchipa zosadziwika bwino zipeweni: zambiri valavu yake yoletsa oyilo kubwerera mu sampu sigwira, n'chifukwa chake injini imachita phokoso la zitsulo mukailiza m'mawa.

Mukasintha ndi fyuluta yomwe ndi malita 3.7, mukasiya fyuluta ndi 3.4, ngakhale kusiya fyuluta yakale sindikuonapo nzeru. Chigubu cha malita 4 sichilowa chonse, cha malita 5 ndiye kutalitali. Thirani 3.5 kaye, tsekani, lizani osaponda moto. Getsi lofiira la oyilo lizime m'masekondi ochepa, likapitirira 10 zimitsani mufufuze. Injini ikulira, suzumirani pa bawuti ndi pa fyuluta. Kenako zimitsani, tsitsani galimoto ikhale pansi bwinobwino, dikirani mphindi 5, pukutani dipstick, muyese. Onjezerani pang'onopang'ono mpaka afike pafupi ndi kadontho kapamwamba, osapitirira. Oyilo akachuluka crankshaft imamupuntha n'kuchita thovu, pampu imayamwa mpweya, ma seal nawo amayamba kuchucha. Mukapyoletsa ndi theka la lita kapena kuposa, chotsaniko.

Mtundu wa oyilo simunafunse, koma ndinenepo pang'ono. 1NZ ili ndi VVT-i (makina osintha nthawi imene mavalavu amatsegukira), imene imayendera oyilo kudzera m'timabowo tating'ono ndi kasefa kake. Inapangidwira oyilo wopepuka, 0W-20 kapena 5W-30. Kuno kotentha, pa injini yoti yayenda kwambiri, 5W-30 kapena 10W-40 ali bwino. 20W-50 amene amagulitsidwa paliponse uja ndi wa injini zakale, mu iyi amachedwa kufika pamwamba m'mawa. Gulani chigubu chosatsegula kwa ogulitsa odalirika, osati woyezera m'mabotolo. Ndi fumbi la misewu yathu komanso katundu amene Probox imasenza, makilomita 5,000 kapena miyezi 6 ndi mlingo wabwino. Lembani makilomita ndi tsiku pa kapepala, mumate pachitseko.

Usiku woyamba yalani katoni youma pansi pa injini. M'mawa mukapeza dontho, onani kumene lachokera musanagwire sipanala, chifukwa nthawi zina ndi oyilo wotayikira pokhetsa paja amene akungotsika. Pukutani, yendani pang'ono, muonenso.

Oyilo wakale muthireni m'chigubu chopanda kanthu, mutseke, mufunse ku galaja kapena ku filling station ngati amalandira. Musamutaye mu ngalande, m'chimbudzi chokumba, kapena pafupi ndi chitsime ndi mjigo, chifukwa amalowa pansi n'kukafika ku madzi akumwa. Asapakidwenso pa zilonda za ziweto. Valani magolovesi pogwira ntchitoyi, ndipo akakugwerani pakhungu sambani ndi sopo, osati petulo. Fyuluta yakale isiyeni chozondoka m'beseni usiku umodzi kuti ikhe musanaitaye.