Funsani Amisiri: Kukonza nyumba ku Mzuzu kuti muigulitse mopindula

Makalata a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse akukhudza kukonza nyumba yakale ndi cholinga choigulitsa pamtengo wabwino. Akuyankha ndi amisiri omanga ndi oyesa mitengo ya nyumba a tsamba lino.

FUNSO: Ndagula nyumba yakale ya zipinda zitatu ku Chiputula. Ndikufuna kuikonza ndi kuigulitsa. Anzanga akuti ndingoika matailosi ndi kupaka penti, wogula apezeka. Ndiyambire pati? Bambo wa ku Chiputula.

YANKHO: Bambo, simenti idikire kaye, yambani ndi cholembera. Mtengo wa nyumba umapita ndi dera limene ili. Mutha kuikongoletsa nyumba ya ku Chiputula kufika pofanana ndi za ku Kaning'ina kapena Chimaliro, koma wogula adzayang'ana msewu, ngalande ndi nyumba za aneba, n'kutchula mtengo wa ku Chiputula komweko. Choncho fufuzani nyumba zitatu kapena zinayi za msinkhu wa yanuyo zimene zagulitsidwadi kufupi nanu chaka chino. Mitengo imene madobadoba amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp musaidalire, chifukwa imeneyo ndi yoyambira kunenerera.

Tingoyerekeza: nyumba mwagula K30 miliyoni, ndipo zokonzedwa bwino m'dera lanu zikupita pa K45 miliyoni. Pakati pali K15 miliyoni, koma yonseyo si yanu. Muchotsepo ya ejenti, ya loya, ngongole za madzi, magetsi ndi msonkho wa kukhonsolo ngati zilipo, ya mlonda pa miyezi imene nyumba ikhale yopanda munthu, ndi phindu limene mukufuna. Yotsalayo ndiyo yokonzera, ndipo pa imeneyo muikenso padera K15 pa K100 iliyonse, poti nyumba yakale imaulula matenda ake mukayamba kugumula. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu mu May 2022 ndi mu November 2023, ndipo mitengo ya malata, penti ndi mawaya inakwera nthawi yomweyo. Munthu akhoza kugulitsa pamtengo woposa umene anagulira koma ndalamayo osakwana kugula nyumba ina ngati yomweyo. Gulani zipangizo zosaonongeka msanga poyambirira, ndipo ntchito isatenge chaka. Simenti yokha musaunjike, chifukwa m'chinyontho cha ku Mzuzu imauma m'thumba momwemo.

Ntchito iyende chonchi: denga, kenaka madzi ozungulira nyumba ndi ming'alu, kenaka mawaya ndi mapaipi, ndiye pulasitala, siling'i, matailosi, penti pomaliza. Mukayamba ndi penti mudzaigumulanso poika mapaipi. Za magetsi itanani munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo aone kuti mababu ali pa waya wa 1.5 mm², masoketi pa 2.5 mm², kuka yophikira pa 6 mm², komanso kuti waya wopita m'nthaka ulipo.

FUNSO: Nyumba yanga ili ku Chibavi. Chaka chilichonse ndimapaka penti, koma mvula ikangoyamba m'munsi mwa makoma mumada, penti n'kumasupuka, pulasitala n'kumayoyoka ngati ufa. Kodi pali penti yomwe ingabise zimenezi kuti ndigulitse? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, penti yotero kulibe, ndipo wogula wochenjera amagogoda khoma ndi kiyi, n'kumva kuti pulasitala yalekana ndi njerwa. Vuto lanu ndi madzi okwera kuchokera pansi. Mzuzu imalandira mvula nthawi yaitali kuposa Lilongwe, mpaka April ndi May, kenaka mawawa a nyengo yozizira, ndiye nthaka ya m'malo otsika monga mbali zina za Chibavi ndi Chibanja siuma msanga. Anthu akukumbukira madzi osefukira a mu April 2016, ndipo wogula aliyense wa kumeneko amayamba wayang'ana m'munsi mwa khoma.

Choyamba dziwani kumene madziwo akuchokera. Ngati chinyontho chikuyambira pansi n'kulekera cha m'chiuno kapena kutsikirapo, ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere, ndi madzi a m'nthaka. Ngati banga lili pamwamba kapena pafupi ndi bafa, ndi denga kapena paipi yothoka mkati mwa khoma. Tsekani mipope yonse, muwerenge mita ya Northern Region Water Board madzulo, muwerengenso m'mawa. Manambala akasuntha, paipi ikudontha penapake.

Akakhala a m'nthaka, kumbani pang'ono kunja kwa khoma mufufuze pepala lakuda lotchinga chinyontho limene amisiri amayala pamwamba pa maziko. Liyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Nyumba zambiri lilipo, koma eni ake anathira dothi la maluwa kapena anamanga khonde mpaka kulikwirira, ndiye madzi amangolilumpha. Pamenepo mankhwala ake ndi otchipa: chotsani dothilo mpaka mizere iwiri ya njerwa ioneke pansi pa pepalalo. Kenaka zungulizani nyumba ndi konkire ya masentimita 60 mpaka mita imodzi m'lifupi, yopendekera kunja, yothera m'ngalande imene ikutulutsadi madzi pa poloti. Madzi a padenga nawo alandiridwe ndi kutsogoleredwa ku ngalandeyo, asamagwere m'tsinde mwa khoma.

Ngati pepalalo kulibe, mmisiri amachotsa mzere umodzi wa njerwa pang'onopang'ono, mita imodzi pa nthawi, n'kulowetsa pepala, n'kubwezera njerwa, n'kudumpha mita ina kuti khoma lisatsike. Ndi ntchito ya munthu wodziwa. Nyumba yomangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti pakati pa njerwa, musaiyese n'komwe, ingolimbanani ndi madzi akunja.

Mukatero gumulani pulasitala yovundayo kupitirira masentimita 30 pamwamba pa pamene banga lalekera, ndipo khoma mulisiye liume milungu ingapo, makamaka pakati pa August ndi October. Pulasitala yatsopano ikhale muyeso umodzi wa simenti pa miyeso inayi ya mchenga wakumtsinje wosefa, muthiremo mankhwala otchinga madzi monga alembera pa chigubu. Mchenga wakudambo wokhala ndi dothi lambiri ndiwo umang'ambitsa pulasitala. Thumba la makilogalamu 50 limamata pafupifupi masikweya mita 9 kapena 10 ngati pulasitala ndi yokhuthala mamilimita 15. Mmisiri akakuuzani kuti thumba limodzi likwana chipinda chonse, dziwani kuti akuchulutsa mchenga. Thirirani madzi masiku asanu ndi awiri, dikirani milungu inayi, ndiye pakani penti yoyamba ya pa pulasitala musanapake ya mtundu. M'munsimu musapakemo penti ya mafuta ati pofuna kutseka chinyontho: imatsekera madzi mkati, n'kutupa matuza.

FUNSO: Malata a nyumba yanga ku Luwinga achita dzimbiri ndipo siling'i ili ndi mabanga. Ndisinthe onse kapena ndingopaka penti? Bambo wa ku Luwinga.

YANKHO: Lowani m'denga masana dzuwa likuwala. Mukaona kuwala pa mabowo a misomali pokha, malatawo akadali ndi moyo: sinthani misomali, muike yokhala ndi mphira, palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, pakani penti yoletsa dzimbiri, kenaka ya padenga kawiri. Koma ngati kuwala kukuoneka m'mizere yoyenda madzi kapena polumikizana malata, dzimbiri ladya mpaka kuboola ndipo penti ingotaya ndalama. Pogula atsopano kumbukirani kuti nambala ya geji ikachepa, lata limakhala lokhuthala: 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Ogula ambiri m'tauni masiku ano amakopeka ndi malata a IBR amtundu, ndipo denga ndilo limaoneka munthu adakali pamsewu. Polumikiza m'litali, lata likwere pa linzake masentimita 20 kapena kuposa, makamaka denga likakhala losapendekera kwambiri.

Muli m'mwambamo, bayani matabwa ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, chiswe kapena kuvunda kwafika. Matabwa a paini a ku Chikangawa ali pafupi, koma ambiri amagulitsidwa aawisi. Mukakhoma otero amapindika akamauma, denga n'kuchita mafunde. Sankhani ouma, muwapake mankhwala a chiswe mbali zonse ndi m'modula momwe musanawakweze. Siling'i ibwere mvula imodzi yamphamvu itadutsa ndipo mwatsimikiza kuti sipakudontha.

FUNSO: Nyumba ili pamtsetse ku Masasa ndipo pakona pali mng'alu wotsika ngati masitepe. Mmisiri akuti angomata. Ndivomere? Mayi wa ku Masasa.

YANKHO: Ayi Mayi, musavomere msanga. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tongoyenda pa pulasitala si kanthu. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa, wolowa nsonga ya pensulo, wooneka mkati ndi kunja komwe, ukutanthauza kuti maziko akusuntha. Matani kachidutswa ka galasi kopingasa mng'aluwo ndi simenti mbali zonse, mulembe tsiku. Kakasweka m'milungu ikubwerayi, nyumba ikuyendabe, ndipo mufunika injiniya aone ngati n'kofunika kulimbitsa pansi pa maziko kapena kumanga khoma lotchinga dothi lokhala ndi mabowo otulutsa madzi. Kakakhala kosasweka mpaka mvula itatha, gobani mizere ya simenti yopingasa mng'aluwo pa mzere wachitatu uliwonse, muikemo tizitsulo topitirira theka la mita mbali iliyonse, ndiye mumate. Kumbali ya kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi. Kubisa mng'alu wotere kwa wogula kukhoza kukufikitsani kukhoti.

FUNSO: Malo ndinagula kwa munthu, umboni ndi kalata ya amfumu. Ndikufuna kuwonjezera zipinda zinayi kumbuyo zoti azichita lendi ana asukulu, kuti mtengo ukwere. Bambo wa ku Dunduzu.

YANKHO: Maganizo a zipinda si oipa. Kufupi ndi Mzuzu University malo ogona ophunzira amafunidwa, ndipo wogula wofuna bizinesi amawerengera lendi ya pamwezi. Koma ndalama yoyamba ipite ku mapepala. Wogula wodzera ku banki sangapatsidwe ngongole pa kalata ya amfumu, banki imafuna lizi kapena chikalata cha umwini cholembetsedwa ku boma. Popanda zimenezi mwatsala ndi ogula a ndalama m'manja, amene ndi ochepa ndipo amadziwa kuti mulibe kothawira. Pitani ku ofesi ya za malo ya chigawo cha kumpoto ndi ku Mzuzu City Council mukafunse kuti malowo ali m'manja mwa yani, chifukwa ena ndi a khonsolo, ena a unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation, ndipo aliyense ali ndi njira yake. Zimatenga nthawi, ndiye yambani lero, ntchito yomanga izikupezani m'njira. Posintha umwini padzafunikanso chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndipo mufunsiretu komweko ngati phindu lanu lidulidwe msonkho, poti nyumba yogulira malonda saiona mofanana ndi imene mwini wake amakhalamo.

Zipindazo zikhale ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe maziko. Ndipo werengerani zimbudzi. Thanki ya zonyansa imene inakumbidwira banja limodzi singasenze anthu ena asanu ndi atatu, makamaka m'dothi losamwa madzi msanga. Paipi ya mamilimita 110 itsike sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse: ikagona kwambiri imatseka. Ngati pali chitsime, dzenje lomwetsa madzi oipa litalikire mamita 30. Alendi amakanganirana mayunitsi, choncho pemphani ESCOM mita yapadera ya kumbuyoko.

FUNSO: Ndatsala ndi ndalama yochepa. Ndiike matailosi nyumba yonse kapena ndimange mpanda? Mayi wa ku Katawa.

YANKHO: Ngati aneba ambiri ali ndi mipanda, mangani mpanda ndi geti. Matailosi muike kubafa, kuchimbudzi, kukhitchini ndi pabalaza, zipinda zogona zikhale ndi simenti yosalala yopaka polishi. Gulani amtundu umodzi wosakuwa, muwonjezere bokosi limodzi pa mabokosi khumi aliwonse chifukwa cha odulidwa ndi osweka, ndipo onse mugule tsiku limodzi, chifukwa obwera pambuyo amasiyana maonekedwe ngakhale dzina lili lomwelo. Thumba la makilogalamu 20 la guluu wa matailosi limakwana masikweya mita anayi kapena asanu. Kubafa ikani okhakhala, opendekera kotulukira madzi, ndipo muthire ndowa yamadzi pansi mmisiri ali pomwepo musanamulipire yomaliza.