Chule wa pacman wapezeka atauma m'galasi: yankho kwa achemwali a ku Makawa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wogwira ntchito yosamalira nyumba m'mbali mwa nyanja, chakufupi ndi Makawa kuno ku Mangochi. Ndayifupikitsa motere:

"Abwana amene ndinkawagwirira ntchito anabwerera kwawo kunja mwadzidzidzi, nkusiya chule m'bokosi lagalasi. Ankamutchula kuti pacman. Nyumba yakhala yokhoma pafupifupi miyezi iwiri. Titatsegula ndinapeza dothi lake litauma gwaa, chuleyo atakutidwa ndi chikhungu chouma, maso osaoneka. Ana anati wafa, timutaye. Nditamudonthezera madzi ndinaona pakhosi pakugunda. Ndamupatsa usipa wouma ndi kanyama ka nkhuku koma akukana. Nditani? Kapena ndingokamusiya kubango kunyanja?"

Achemwali, zikomo kwambiri kuti simunamutaye. Choyamba, za chakudya muziike kaye pambali. Chule wamkulu wa mtunduwu amatha milungu yambiri osadya kanthu koma osafa. Zomwe zingamuphe sabata inoyi ndi kuuma, kutentha kwa Okutobala, ndi madzi olakwika. Mukakonza zitatuzi, njala adzaimva yekha nthawi yake ikakwana.

Achule amenewa kwawo ndi ku South America, ndipo akatswiri amawatchula kuti Ceratophrys. Amene anthu amaweta kwambiri ndi awiri: cranwelli wochokera kudera louma la Gran Chaco ku Argentina, Paraguay ndi Bolivia, ndi ornata wa m'madambo a ku Argentina, Uruguay ndi kummwera kwa Brazil. Dzina lakuti pacman anawapatsa potengera kanthu kobulungira ka kukamwa kwakukulu ka m'masewera a pakanema a ku Japan a mu 1980 otchedwa Pac-Man, chifukwa nawonso thupi lawo ndi lobulungira ndipo pakamwa pamayambira mbali ina ya mutu kukafika mbali inayo. Kwawoko chilimwe chikakula, chule amadzikwirira m'nthaka. Khungu limene amafundula limaunjikana pathupi n'kuuma, ndipo limatseka madzi kuti asatuluke. Mtima ndi kupuma zimayenda pang'onopang'ono mpaka mvula itabwera. Ndi zomwe mwaonazo. Ngakhale achule athu ena amachita chimodzimodzi: chilimwe chonse kudambo kuli zii, koma usiku wa mvula yoyamba phokoso lake simungagone nalo.

Kusiyana kwake n'kwakuti wa kutchire amalowa pansi atanenepa, ndipo amakumba mozama kufika pozizira. Wanuyo anagona m'kadothi kochepa, m'nyumba yotseka mawindo, mwina ali kale ndi njala. Ameneyu tisamudikiritse mvula.

Chikhungucho musachisende ndi zala, ngakhale chikuoneka kuti chikumupweteka. Pansi pake pali khungu lanthete, ndipo likang'ambika tizilombo toyambitsa matenda timalowera pomwepo. Tengani beseni loyera limene mwalitsuka ndi madzi okhaokha, popanda sopo. Thiranimo madzi osatentha komanso osazizira, ongofika pansi pa chibwano chake, mwina sentimita imodzi kapena awiri. Achule awa sadziwa kusambira kwenikweni, ndipo wofooka angamire m'madzi ochepa kwambiri. Mukhazikenimo mphindi 20 kapena 30 inu muli pomwepo, m'mawa ndi madzulo. Chikhungu chikafewa mudzamuona akuchikankha ndi miyendo kuchokera kumbuyo kupita kumutu, kenaka n'kuchimeza. Zimenezo n'zabwinobwino, musamulande.

Pa nkhani ya madzi ndichedwapo, chifukwa anthu ambiri ofuna kuthandiza amaphera chule pamenepa. Chule samwa ndi pakamwa. Amayamwa madzi kudzera pakhungu la kumimba ndi m'ntchafu, ndiye chilichonse chili m'madzimo chimalowa m'magazi ake mwachindunji. Madzi a pampopi amakhala ndi kolorini, amene amatiteteza ife ku kolera koma amawotcha khungu la chule. Atungeni mu ndowa yosavundikira, akhale tsiku lathunthu kapena masiku awiri musanawagwiritse ntchito. Madzi amene mwathira WaterGuard asamukhudze n'komwe. Ngati a pamjigo wanu amamveka mchere pakamwa, asiyeni. A m'nyanja muziyamba mwawawiritsa n'kuwasiya kuti azizire, chifukwa amabwera ndi tizilombo ta achule ndi nsomba za kuno zimene thupi lake silinazolowere. Madzi othira m'batire ya galimoto, ngakhale amaoneka oyera kuposa onse, alibe mchere wa m'nthaka ngakhale pang'ono ndipo si abwino kumunyikamo. Mvula ikayamba, madzi ake otchera m'chiwiya choyera ndi abwino kwambiri, bola musatenge oyamba kutsuka denga.

Dothi lakale lija litayeni lonse. Mwadzaza mkodzo ndi ndowe za miyezi yambiri, ndipo mukangolinyowetsa, poizoni wake amabwerera m'thupi mwa chule. Chule woyamwa zoipa zotere amadumpha mosokonekera, amawongola miyendo yakumbuyo n'kuuma, ndipo maso amachita mtambo. Mukaona zimenezo, mukhazikeni m'madzi oyera osaya ndipo muziwasintha pakapita maola ochepa mpaka akhazikike. Kwa milungu iwiri yoyamba musamuikire dothi. Yalani pansi pagalasi nsalu yoyera yonyowa imene yatsukuluzidwa mpaka sopo yense atatha, kapena mapepala ofewa opukutira m'manja opanda fungo, n'kumasintha tsiku lililonse. Mukatero mudzatha kuona ngati wachita chimbudzi, komanso mimba yake mudzaiona bwino. Muikireni phale la mphika kapena tsamba lalikulu loti azibisalamo, chifukwa chule wosowa pobisala sadya.

Tsopano kutentha. Achule awa amakhala bwino pakati pa madigiri 24 ndi 28. Alangizi ambiri a pa intaneti amalembera anthu a kumaiko ozizira, ndiye amakamba za nyale ndi zotenthetsera. Ife vuto lathu ndi losiyana. Mangochi mu Okutobala ndi Novembala masana nthawi zina amapyola madigiri 35, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i mumaposa pamenepo. Galasi likhale pansi pasimenti, m'chipinda chozizira kuposa zonse, kutali ndi windo. Dzuwa likangowomba pagalasi kwa kanthawi kochepa, mkati mumasanduka ng'anjo. Phimbani mbali ziwiri ndi chiguduli chonyowa, kapena liyandikizeni ndi mtsuko wadothi wa madzi akumwa, ndipo pamwamba pakhale pa sefa kuti mpweya uzidutsa. Ngati mungapeze choyezera kutentha chotsika mtengo, chiikeni mkati momwemo. Mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba akhoza kuchepetsa kudya, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa.

Akadzuka bwinobwino, muyang'anitsitseni. Sambani m'manja, tsukuluzani sopo yense, ndipo mumugwire manja ali onyowa, opanda mafuta odzola. Mugwireni chakumbuyo, chifukwa amaluma. Ali ndi timano kumtunda ndi tinsonga tolimba kunsagwada yapansi, ndipo akagwira chala sataya msanga. Akakulumani musamukoke kapena kumuponya. Muthireni madzi pang'ono, asiya yekha. Chule wathanzi mukamuyang'ana kuchokera pamwamba amakhala wobulungira. Ngati mafupa a m'chiuno atuluka ndipo mutu ukuoneka waukulu kuposa thupi, waonda kwambiri. Onani nsagwada: ikakhala yofewa, yolendewera, pakamwa posatsekeka bwino, kapena miyendo yopindika akulephera kudzidzutsa, ndiye kuti mafupa ake asowa kashiamu kwa nthawi yaitali. Onaninso kumimba ndi m'ntchafu. Kufiira kokhala ngati magazi aundana pansi pa khungu, zilonda, kapena kutupa thupi lonse, zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a mabakiteriya amene amatha kupha m'masiku ochepa. Amenewo si ochiza pakhomo. Musamupake Dettol, sipiliti kapena mchere, ndipo musamusungunulire makapisozi a anthu kaya mankhwala a nkhuku. Alangizi a ziweto kuno amadziwa kwambiri za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, koma yambani mwawafunsa. Ku Lilongwe kuli a Lilongwe Wildlife Trust ndi a LSPCA (bungwe losamalira ziweto) amene ali ndi madokotala a nyama, ndipo mukhoza kuwapempha uphungu mutatumiza zithunzi. Mukamaliza kumugwira sambaninso bwino, chifukwa achule amatha kunyamula Salmonella, tizilombo totsekula anthu m'mimba. Ana aja azionera patali.

Pakatha masiku atatu kapena anayi maso atatseguka ndipo akukhala tsonga, ndi pomwe mungayese chakudya. Usipa wouma waukana chifukwa chule uyu ndi mlenje wobisalira: amakhala phee atadzikwirira, maso okha ali kunja, kudikira chinthu choyenda. Chosagwedezeka kwa iye si chakudya. Komanso nsomba youma, makamaka yamchere, ingamuvulaze, ndipo mnofu wa nkhuku ulibe kashiamu wokwanira. Chakudya chimene ndimachikhulupirira kwa chule wodwala ndi nyongolotsi. Ndi zofewa, zili ndi madzi ambiri, ndipo sizivuta kugaya. Nyengo ino zimapezeka ponyowa, monga pansi pa nthochi, koma pewani pomwe pamatayidwa madzi a sopo ndi m'dimba lothiridwa feteleza kapena mankhwala. Anyamata owedza ndi mbedza akudziwa pokumba. Yambani ndi imodzi yokha, madzulo kukamada, mutaipana ndi timitengo tiwiri n'kumaigwedeza patsogolo pa mphuno yake. Akakana, chotsani, mudzayesenso pakapita masiku awiri. Akadya, dikirani masiku awiri kapena atatu musanamupatse ina. M'mimba mwake mwakhala mopanda ntchito kwa nthawi yaitali, ndipo mukamukhutitsa kamodzi n'kamodzi amasanza kapena chakudyacho chimaolera m'mimba. Musamutsegule pakamwa mokakamiza, makamaka ngati nsagwada ndi yofewa, chifukwa ingathyoke.

Akayamba kulimba muonjezere nkhululu ndi ziwala, mutazithyola miyendo yakumbuyo yamingayo. Nunkhadala ayi, ali ndi poizoni. Ngumbi zikatuluka mupatseni zochepa, poti zili ndi mafuta ambiri. Mphemvu za m'nyumba ndimaziopa chifukwa zambiri zimakhala zitadutsa mu mankhwala. Kukula kwa chakudya kusapose mpata wa pakati pa maso ake mpaka atachira. Mudzamva ena akunena kuti achule awa amadya mbewa. N'zoona, amameza ngakhale achule anzawo, koma wodyetsedwa mbewa pafupipafupi amanenepa moipa ndipo mafuta amachititsa khungu m'maso, kuwonjezera apo mbewa ya pakhomo ikhoza kukhala itadya mankhwala a makoswe. Wamkulu akachira amangofunika kudya kamodzi kapena kawiri pasabata.

Kashiamu ndiye wofunika kumukumbukira nthawi zonse. Tizilombo tambiri tili ndi kashiamu wochepa, ndiye oweta amatiwaza ufa wake musanadyetse. Ufa weniweni wokhala ndi vitamini D3 umagulitsidwa m'masitolo a ziweto zotere, ndipo ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg, mutumeni ameneyo. Podikira, wiritsani makoko a mazira, muwaumitse, muwasinje mpaka akhale ufa wosalala kwambiri, n'kumawaza pang'ono pachakudya. Nkhululu ndi ziwalazo muzizisunga tsiku limodzi kapena awiri mukuzidyetsa nkhwani, bonongwe kapena masamba a chamwamba, kuti zabwino za masambawo zikafike kwa chule. Fupa lomwe linapindika kale siliwongoka, koma limalimba ndipo chule amakhala ndi moyo.

Chinthu china chimene kuno sitingachilambalale ndi mankhwala a udzudzu. Doom, koyilo, ngakhale neti yonyikidwa m'mankhwala, zisayandikire galasilo. Opopera mankhwala m'makoma akabwera, mutulutseni chule ndi ziwiya zake zonse asanayambe, ndipo mukamusunge kwa kanthawi m'nyumba kapena m'chipinda chomwe sichinapoperedwe.

Pakatha milungu iwiri akudya ndi kuchita chimbudzi, mubwezereni dothi. Oweta ambiri amagwiritsa ntchito ulusi wopera wa makoko a kokonati. Mukausowa, tengani dothi lakuda la pansi pa mitengo kumene sikunathiridwe feteleza, mulisefe kuchotsa timiyala, likhale lozama masentimita 8 mpaka 10 kuti azitha kudzikwirira yense. Mchenga wa kunyanja ndi miyala ing'onoing'ono ayi, chifukwa powakha chakudya amameza ndi zapansi zomwe, n'kutseka matumbo. Kunyowa kwake muziyesa ndi dzanja: mukafinya liumbike, koma lisachuche madzi. Pakona muike kambale kosaya ka madzi, kosinthidwa tsiku ndi tsiku chifukwa amakonda kuchitiramo chimbudzi. Dothi lonse muzisintha mwezi uliwonse. Ndipo musamumvere chisoni kuti ali yekha n'kumubweretsera mnzake wa kudambo. Adzamumeza, kapena adzatenga matenda ake.

Za kubango zija, chonde musatero. Mmene alilimu sangapirire ngakhale masiku ochepa, ang'azi ndi mbalame zidzamutola. Ndipo akanakhala wamphamvu bwenzi vuto lili lina: ndi chilombo chachilendo chodya chilichonse cholowa pakamwa pake, komanso achule oweta amatha kunyamula fangasi wotchedwa chytrid amene wapulula achule ambiri m'maiko osiyanasiyana. Nyanja yathuyi ili ndi paki ya ku Cape Maclear imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo si malo otayirako nyama zochokera kunja. Ngakhale madzi ndi dothi lochokera m'galasi mwake muzitaya m'chimbudzi chokumba, osati kunyanja kapena mumtsinje wa Shire.

Muganizirenso mofatsa ngati mukufuna kumusunga, chifukwa akasamalidwa bwino amakhala zaka 10 kapena kuposerapo. Ngati simungathe, palibe cholakwa. Muchiritseni kaye, kenaka mufunse a nthambi yoona za nyama zakutchire kuti akuuzeni koyenera kumupereka. Pakadali pano nditumizireni zithunzi zitatu: cha pamwamba, cha kumimba, ndi cha m'mbali choonetsa nsagwada. Ngati m'nyumbamo muli sikelo ya kukhitchini, muyezeni ali m'kambale konyowa, mulembe magalamu ake, n'kumabwereza tsiku lomwelo sabata iliyonse.