Alandilodi akutitulutsa, ndalama za boma za lendi zija nzoona?

Mayi wina wa ku Indiana, ku America, wandilembera imelo. Akuti ntchito yawo yokonza zipinda mu hotela inatha nthawi ya Covid, pano ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi ingapo ndipo alandilodi awapatsa kalata yoti asamuke. Funso lawo ndi lakuti kodi ndalama za boma zomwe anthu akunena zija zilipodi, nanga munthu wopanda ma payslip angazipeze?

Achemwali, zinalipodi ngakhale pulogalamu yake inatha mu 2025, si zam'magulu a WhatsApp ayi. Mu Disembala 2020 Congress, nyumba ya malamulo ya America, inavomereza madola 25 biliyoni, mu Malichi 2021 inawonjezeranso 21.55 biliyoni, dzina lake ndi Emergency Rental Assistance. Chomwe chinkasokoneza anthu nchakuti boma lalikulu la ku Washington silinkalipira munthu mwachindunji, ndalama zinagawidwa ku ma state, ma county ndi mizinda ya anthu oposa 200,000, ndiye aliyense anali ndi fomu yake, mnzanu wa ku Texas akakuuzani momwe anachitira osangotengera zonse. Imbani 211 pa foni, muwauze zip code yanu, akuuzani ngati kwanuko kukadali ofesi yothandiza pa lendi.

Oyenera kulandira anali amene ndalama zapakhomo sizinkapitirira 80 peresenti ya zomwe banja lapakatikati limapeza m'dera lanulo, ndipo osafika theka kapena amene anakhala masiku 90 opanda ntchito ankaikidwa patsogolo. Inu mmene mwafotokozeramu ndikuona kuti mukanakhala momwemo. Ankalipira ngongole yakale, lendi yakutsogolo, magetsi ndi madzi, mpaka miyezi 18 ukaphatikiza zonse.

Tsopano za mapepala, apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa ulesi tisanayambe nkomwe. Ena amalandira kashi, ena akukhala m'chipinda cha mnzawo wakumudzi popanda lease, pepala la pangano la lendi, ndiye akangoona fomu ikufunsa izi ndi izi amangotseka laputopu nkumati basi si zathu izi. Treasury, unduna wa zachuma wa America, inauza maofesi a pulogalamu ija kuti angathe kulandira mawu olemba inuyo nokha, amati self-attestation, kunena kuti ntchito inatha liti ndipo mumapeza zingati. Kulibe lease? Onetsani ma statement a ku banki, ma screenshot a Zelle kapena Cash App omwe mumatumizira lendi mwezi ndi mwezi, bilu ya magetsi ya dzina lanu, ngakhale mameseji omwe alandilodi ankakukumbutsani ngongole, musafufute chilichonse. Maofesi ena ndi ovutabe, sindikukana, koma aziyamba kukana ndi iwowo osati inu kudzikaniza nokha. Lamulo la ndalamazi silinanene kuti ndi za nzika zokha, fomu ikafunsa Social Security number yomwe mulibe funsani a legal aid, maloya othandiza osauka, ndi aulere.

Mukapeza ofesi yomwe ikuthandizabe, alandilodi auzeni tsiku lomwelo kuti mwayamba kulemba fomu, chifukwa cheke nthawi zambiri chimapita kwa iwo ndipo ofesi idzawafuna asayine mbali yawo. Ambiri akamva zoti ngongole yonse ibwera pakamodzi amafewa. Akakana kapena akangokhala chete, uzani ofesi msanga, malamulo a pulogalamu ija ankalola kuti ndalamazo apatsidwe wochita lendiyo akalipire yekha.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kalata ija. Chiletso cha CDC, bungwe la boma la zaumoyo, choti anthu asatulutsidwe m'nyumba, chomwe chinayamba mu Seputembala 2020, a Supreme Court anachithetsa pa 26 Ogasiti 2021, ndiye osadalira chimenecho. Komabe kalata ya alandilodi payokha si chigamulo, sangangobwera nkusintha loko, ayenera kudzera ku khothi. Musasamuke chifukwa cha mantha, ndipo masamoni akabwera pitani ndithu tsiku lomwelo ngakhale zivute bwanji, mukajomba woweruza amangogamula mokomera alandilodi. Ngati mwalemba fomu, mutenge imelo yosonyeza kuti fomu yanu inalandiridwa, nambala yake ionekere bwino, mupemphe kuti mlandu uyambe waima kaye podikira ndalamazo.