Musanaike kompyuta pa sipuleya yakale, yambani mwayeza manozo

Funso: Alangizi, ndili ndi sipuleya yomangirira kumbuyo kwa thirakitala. Mikono yake ndi yotalika mamita 12, ili ndi manozo (timilomo totulutsira mankhwala) 24 abuluu omwe idabwera nawo. Mankhwala amene ndimasungunula kuti akwanire mahekitala 10 amathera pa mahekitala 8, koma udzu umatsalabe m'mizere ina. Manozo akatseka ndimawatokosa ndi kawaya. Ndamva kuti pali makamera ndi GPS zoika pa sipuleya yakale kuti izipopera pamene pali udzu pokha. Ndigule ziti?

Yankho: Bambo, za makamera tiziike kaye pambali, tikambe za kawayako. Kabowo ka nozo kamabooledwa mwamuyeso ku fakitale, inu n'kumalowetsamo waya chaka ndi chaka? Mwakakulitsa nokha. Nozo ikatseka imatsukidwa ndi madzi ndi kaburashi kofewa, osati waya, osatinso kuipemerera ndi pakamwa monga ndimaonera anthu akuchitira.

Sipuleya yanu sindinaione koma vuto ndalidziwa. Nozo yabuluu yatsopano imatulutsa pafupifupi malita 1.2 pa mphindi, pulesha ikakhala pa 3 bar (bar ndi muyeso wa pulesha). Manozo anu atalikirana masentimita 50, ndiye ngati thirakitala ikuyenda makilomita 8 pa ola, pa hekitala pamagwa malita 180. Tsono nozo ikatha n'kumatulutsa malita 1.5, pa hekitala pomwepo pamagwa malita 225. Werengerani nokha: madzi a mahekitala 10 athera pa mahekitala 8, ndendende zomwe mwalembazi. Udzu wotsala m'mizere ukuchokera komweko, chifukwa manozo satha mofanana. Ina ikukhuthula, ina yatseka theka, ina ikumwaza chopendekera.

Chitani izi musanagule kanthu. Thirani madzi okhaokha m'thanki, ikani pulesha pa 3 bar, tcherani jagi yoyezera pansi pa nozo iliyonse kwa mphindi imodzi ndipo lembani zomwe mwapeza. Nozo yopitirira muyeso wake ndi 10 peresenti ndi yotha. Zikapezeka zingapo zotere musasankhe, chotsani zonse 24 muike zatsopano za mtundu umodzi. Mtengo wa zonsezo sufika n'komwe pa mtengo wa sensa imodzi ya zomwe mukuzisirirazo. Muonenso masefa, mapaipi odontha ndi geji ya pulesha. M'zaka zapitazi ndakumana ndi mageji ambiri omwe muvi wake udauma pamalo amodzi, mwini wake n'kumaukhulupirira mpaka kukolola.

Tsono tibwere ku funso lanu. N'zoona, sipuleya yakale ikhoza kuikidwa zipangizo zamakono, bola pampu ikhale yamphamvu ndipo mikono isakhale yopindika kapena yogwederagwedera. Ine ndimalangiza kuyamba ndi chipangizo chotchedwa rate controller. Chimawerenga liwiro la thirakitala ndi madzi omwe akudutsa m'paipi, kenako chimatsegula kapena kuchepetsa valavu kuti malita a pa hekitala asasinthe dalaivala akathamanga kapena akakwera chitunda. Koma chipangizochi chimangoona madzi onse pamodzi. Mukachiika pa manozo anu othawo chidzatsitsa pulesha kuti chiwerengero chikwane, pa sikirini padzaoneka bwinobwino, m'munda mizere ya udzu ili chikhalire. N'chifukwa chake ndalimbikira za jagi. Dziwaninso kuti pofuna kuwirikiza kawiri madzi otuluka pa nozo, pulesha imayenera kukwera kanayi, ndipo pulesha ikakwera timadontho timachepa n'kumauluka ndi mphepo kupita m'munda wa eni. Choncho musamuuze dalaivala kuti poti pali kompyuta azithamanga mmene angafunire.

GPS ndi yachiwiri. Mikono imagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi valavu yake yamagetsi, ndipo makinawo amatseka okha chigawo chomwe chafika pamene papoperedwa kale. Phindu lake limaoneka kwambiri m'minda yokhotakhota ndi pokhotera kumapeto kwa mizere. Ngati munda wanu ndi wamakona anayi wowongoka bwino, mupulumutsa zochepa. GPS wamba imaphonya ndi masentimita ambirimbiri, pamene GPS yapamwamba yotchedwa RTK imaphonya ndi awiri kapena atatu okha, koma pa ntchito yotseka zigawoyi musadzivutitse ndi RTK.

Palinso njira ya PWM, yoika kavalavu pa nozo iliyonse komwe kamatseka ndi kutsegula ka 10 kapena kuposerapo pa sekondi, pulesha osasintha. Ndi yabwino ndithu, makamaka pokhota pamene nsonga ya mkono wa kunja imathamanga kuposa ya mkati. Koma pa mikono ya mamita 12 sindikuona kuti ikubwezerani ndalama msanga, ndipo timavalavu 24 tikufuna magetsi omwe alternator (chipangizo chopanga magetsi) ya thirakitala yakale mwina singakwanitse.

Makamerawo alipo amitundu iwiri. WeedSeeker ndi WEED-IT amazindikira chobiriwira chilichonse pa dothi lopanda mbewu, ndiye amathandiza popopera mankhwala opha udzu a glyphosate musanabzale kapena mutakolola. M'munda wa mbewu zomera kale iwo sasiyanitsa, chobiriwira ndi chobiriwira basi. Osiyanitsa udzu ndi mbewu ndi ena, monga See & Spray ya kampani ya John Deere, yomwe idachokera ku Blue River Technology, kampani yomwe John Deere idagula mu 2017, koma imeneyo imaikidwa pa masipuleya akuluakulu a kampani yomweyo, osati yanuyi. Ndipo simunandiuze mankhwala omwe mumapopera. Ngati ndi aja othira pa dothi udzu usanamere, monga atrazine kapena metolachlor, kamera ilibe ntchito chifukwa dothi lonse liyenera kunyowa. Udzu ukakhala wothithikana munda wonse, kamera idzatsegula manozo onse nthawi zonse, inu mutalipira ndalama zomwe mwina zikuposa mtengo wa sipuleya yeniyeniyo. Chaka china ndidaona zida zotere zitamasulidwa n'kuunjikidwa m'shedi nyengo isanathe, chifukwa waya umodzi udaduka ndipo wodziwa kukonza adali kutali. Musanalipire, funsani wogulitsayo kuti adzakonza ndani zikadzafa pakati pa dzinja.

Funso: Ine yanga ndi sipuleya ya kumsana. Ndikatopa ndimapopa pang'onopang'ono ndipo mankhwala amatuluka mosiyanasiyana. Chilipo choikapo?

Yankho: Mayi, mwadziulula nokha kuti mumapitiriza kupopera mutatopa. Muzipuma. Chilipo kavalavu kakang'ono kotchedwa constant flow valve, komangirira pakati pa ndodo ndi nozo. Kamasunga pulesha pamuyeso umodzi, ndipo mukafooka kupopa kamatseka m'malo modonthetsa. Sikafuna batire ndipo ndi kotchipa. Mugule kogwirizana ndi ntchito yanu, ka pulesha yotsika pa mankhwala opha udzu, kokwererapo pa mankhwala a tizilombo ndi matenda. Mukakaika, pimani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, poperani madzi okha pa mayendedwe anu a masiku onse, muone malita omwe apita n'kuchulukitsa ndi 100. Amenewo ndiwo malita anu a pa hekitala, ndipo nozo yanunso muiyeze ndi jagi.