Njinga ikulira bwinobwino, koma ndikakoka moto ikuzima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena ochita kabaza wa njinga yamoto ku Mchinji. Analemba motere: "Njinga yanga ndi ya 150cc, ya kabuleta. M'mawa imalira ndi kiki imodzi, ndipo ikaima imangolira yokha bwinobwino. Koma ndikangokoka moto kuti ndinyamuke, imachita ngati yatsamwa, kenako n'kuzima. Pulagi ndasintha kawiri. Makaniko akuti ndigule kabuleta watsopano. Ndigule kodi?"

Achimwene, ndalamayo isatuluke kaye m'thumba. Ndikudziwa kuti njinga ikagona tsiku limodzi, kunyumba ndiwo zimavuta, ndipo mtima umangofuna chilichonse chimene chingaibwezeretse pamsewu lero lomwe. Koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona njinga yanjala. Mukakoka moto, mpweya ukulowa wambiri koma petulo sakubwera wokwanira. Kabuleta, amene amasakaniza petulo ndi mpweya, akatere nthawi zambiri amangofuna kutsukidwa basi.

Yambani ndi choki, chifukwa kuyesa kumeneku n'kwaulere. Lizani njinga itenthe, tsekani choki theka, mukoke moto. Choki amachepetsa mpweya, ndiye ngati njinga yayankha bwino kusiyana ndi kale, mwatsimikiza kuti petulo akuchepa. Ikaipiraipira, ikuchita kubanika n'kumatulutsa utsi wakuda, ndiye kuti petulo wachuluka kapena mpweya ukusowa, ndipo muyang'ane fyuluta ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala silichedwa kuitseka. Mapulagi awiri munachotsa aja asungeni, ndi mboni. Nsonga ikakhala yotuwa mbuu, njinga ikusowa petulo. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Yabwino imaoneka yofiirira ngati tiyi wamkaka.

Tiyerekeze kuti choki waonetsa njala. Musathamangire kumasula kabuleta, tsatirani kaye njira ya petulo kuchokera kumwamba. Chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kolowetsa mpweya. Kakatsekeka, petulo amatsika movutikira, ngati madzi a m'chigubu chimene mwachizondotsa. Tsegulani chivindikirocho, muyesenso kukoka moto. Kenako zulani paipi pamene yalowera mu kabuleta, mutsegule kampopi ka pansi pa thanki. Petulo ayenera kutuluka mosadukiza. Ngati akungodontha, vuto lili pa kampopiko kapena pa kafyuluta ka petulo, ndipo kabuleta watsopano akanakudyerani ndalama pachabe.

Tsopano pano mumvetsere bwino. Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo, ndipo kali ndi sikuluwu yokhetsera. Injini itazizira, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, tcherani botolo loyera loonekera mkati, mumasule sikuluwuyo. Liikeni pansi botololo kwa mphindi zingapo, kenako mulikweze mulione padzuwa. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi, timadontho tozungulira toyenda mukapendeketsa botolo. Nthawi zina mumapezanso ufa wofiira ngati dothi lakatondo. Limenelo ndi dzimbiri la m'thanki.

Madziwo achokera kuti? Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Onjezeranipo masiku amene mafuta asowa pa filing'i siteshoni, tonse n'kumagula a m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Sindikukudzudzulani, banja liyenera kudya. Koma chigubu chimene chagona panja chosatseka bwino chimabwera ndi mchenga ndi madzi omwe, ndipo zonsezo zimakathera m'kambale kaja.

Mukachotsa kambaleko mupeza majeti awiri achikasu, timasikuluwu tokhala ndi kabowo kodutsamo petulo. Yaing'ono, imene amakaniko amati pilot jet, ndiyo imadyetsa injini njinga ikaima mpaka mutakoka moto pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukakoka moto kufika pakatikati, imalamulira ndi singano ya mu kabuleta, ndipo kumapeto kwenikweni ndi main jet, yaikulu ija. N'chifukwa chake ndikadakonda mutaonetsetsa kuti njinga ikuzima pati. Inu mwati ikuzima ponyamuka, ndiye ine ndikukayikira jeti yaing'ono. Bowo lake ndi lochepa kwambiri, moti likatsekeka theka, petulo wolizira njinga itaima amadutsabe, koma wonyamukira sakwana. Ikanakhala kuti ikuthamanga bwino n'kumafooka pokhapokha mwakoka moto wonse pachitunda, ndikanaloza main jet kapena petulo wochepa m'kambale.

Masulani jeti yaing'onoyo ndi sikuludiraiva yokwana bwino, chifukwa chitsulo chake n'chofewa ndipo sichichedwa kuphwanyika mutu. Iyang'anitseni kudzuwa ngati mukusuzumira pa bowo la singano. Muyenera kuona kadontho ka kuwala kozungulira bwino. Ngati mukuona mdima kapena kachidutswa chabe, itsukeni ndi petulo woyera, muipope ndi pampu ya matayala. Zikakanika, tengani kaulusi kamodzi ka kopa ka m'waya wamagetsi. Chonde musalole munthu kuitokosa ndi singano yosokera kapena waya wa buleki. Bowo likakula silibwereranso, ndipo njinga idzayamba kumwa petulo ngati mchenga. Popani mpweya m'tinjira ta m'thupi la kabuleta momwe jetiyo imakhala, poti litsiro limabisalanso mmenemo.

Pali malo ena amene ambiri amawaiwala: labala yolumikiza kabuleta ndi injini. Ikakalamba imachita ming'alu, mpweya wakuba n'kumalowera pamenepo, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi za jeti yotsekeka. Ipindeni pang'ono ndi chala muone ngati ming'alu ikutseguka, mumangenso bwino zomangira zake. Ngati wina anakhudzapo sikuluwu ya mpweya ya m'mbali mwa kabuleta, imangeni mofatsa mpaka ifike, osaikakamiza, kenako muibweze kamodzi ndi theka. Pa njinga zambiri zamtunduwu poyambira ndi pamenepo, ndipo mumakonza pang'onopang'ono injini itatentha.

Zamagetsi sindikuzikayikira kwambiri pa nkhani yanuyi. Koma ngati choki sanasinthe kalikonse ndipo majeti ali oyera, yang'anani kapu ya pulagi ndi koyilo yotumiza moto wamagetsi ku pulagi, muonenso kuti mpata wa pulagi uli pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Moto wofooka wa pa pulagi umatha kuliza njinga itaima koma n'kulephera ikalemedwa.

Mukamaliza, ikani kafyuluta katsopano pa paipi ya petulo, n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kabuleta. Ngati m'botolo muja munali dzimbiri, thanki itsukidwenso, apo ayi pakatha sabata jeti idzatsekekanso. Mundilemberenso, achimwene, mundiuze zimene mwapeza m'botolomo ndi mmene njinga yayankhira choki.