Rauta ya Wi-Fi 6 ndi laputopu yakale, zigwirizana?

Amayi a ku Kalongwezi kuno ku Chipata, mwafunsa ngati laputopu yanu ya 2014 idzalumikizana ndi rauta ya Wi-Fi 6 imene mwana wanu akufuna kukutumizirani kuchokera ku Lusaka, kapena muyambe mwagula adaputa, kachipangizo ka Wi-Fi kobaya pa USB. Idzalumikizana, musade nkhawa. Rauta zatsopano amazipanga kuti zizimvana ndi zipangizo zakale. Chokhacho, liwiro limatsata wofooka pa awiriwo. Mukamanga ng'ombe yonenepa ndi yowonda pa goli limodzi, ngolo imayenda mwa yowondayo. Ngati kakhadi ka Wi-Fi ka m'laputopu mwanu ndi ka Wi-Fi 4, kaja ka 802.11n komwe kanabwera mu 2009, muziyenda pa liwiro la Wi-Fi 4 ngakhale rauta ikhale ndi nyanga zingati.

Musanatulutse ndalama, yang'anani kaye chomwe muli nacho. Pa Windows tsegulani cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo, mulembe netsh wlan show drivers, kenako muone mzere wa Radio types supported. Mukaona ac ndiye Wi-Fi 5, ax ndiye Wi-Fi 6. Wi-Fi imayenda pa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mukaona b, g ndi n basi, kakhadi kanu kamangomva 2.4 GHz, ndipo netiweki ya 5 GHz sikadzaiona n'komwe.

Ine zinandichititsa manyazi chaka chatha. Ndinafika ndi rauta yatsopano kunyumba ku Kapata, mafoni onse aigwira, koma laputopu yanga dzina la netiweki osalionetsa ata. M'mawa ndinabwerera kushopu nditakwiya, bokosi kukhwapa, kuti andigulitsa chinthu chakufa. Mnyamata wa pamenepo anangolumikiza laputopu ndi chingwe, n'kuika driver yatsopano, pulogalamu yoyendetsa kakhadi ka Wi-Fi, dzina lija n'kutulukira pompo. Makhadi ena akale sazindikira Wi-Fi 6 mpaka driver itasinthidwa. Ndinachoka mwakachetechete ngati galu wogwidwa ndi mvula. Chinanso chofanana nacho ndi chitetezo cha WPA3, chomwe zipangizo zakale zambiri sizichidziwa. Laputopu ikamakana pasiwedi yolondola, lowani mu rauta musankhe WPA2/WPA3 pamodzi, kapena WPA2 yokha.

Koma pali funso lomwe simunafunse, ndipo kwa ine ndilo lalikulu: intaneti yanu imalowa bwanji m'nyumba? Ambirife kuno timadalira SIM ya Airtel, MTN kapena Zamtel mu karauta ka 4G. Zikatero, chomwe chimachedwetsa nthawi zambiri si Wi-Fi ayi, ndi mtunda wa pakati pa inu ndi tawa, mapiri athu a Chipatawa, ndi unyinji wa anthu madzulo. Wi-Fi 6 siwonjezera chomwe chalowa pakhomo, imangochigawa bwino anthu akachuluka. Muuzenso mwanayo aonetsetse ngati rautayo ili ndi polowetsa SIM, chifukwa zambiri za Wi-Fi 6 zilibe, zimadikira chingwe chochokera ku modemu.

Za 5 GHz musatengeke nazo kwambiri. Imathamanga mukakhala pafupi, koma makoma a njerwa zootcha imawalephera msanga. Kuchipinda chakumapeto 2.4 GHz ndi imene idzakufikireni.

Adaputa mugule pokhapokha mwaona b, g, n zija ndipo mukufunadi 5 GHz. Ka USB kolembedwa dual band (komva 2.4 ndi 5 GHz zonse) ndi AC kakukwanirani, ka AX n'kungotaya ndalama pa intaneti ya SIM. Pewani tija tating'ono ngati chikhadabo ngati mumakhala kutali ndi rauta, tengani kokhala ndi kanyanga. Funsaninso ngati kali ndi driver ya Windows yanuyo, makamaka ngati mukadali pa Windows 7.

Ndipo ngati muli ndi kabatire kothandiza rauta malaiti akathima, werengani ma volt ndi ma amp pa chaja ya yatsopanoyo. Yanga inkafuna moto wochuluka kuposa yakale, kabatire kanga kanangoiyatsa n'kuzima.