Bwanji osangoika molybdenum m'ng'anjo ya boila?

Bambo wina wowotcherera zitsulo pa fakitale ya tiyi ku Thyolo wanditumizira imelo. Akuti zitsulo za m'ng'anjo ya boila zikungopsa n'kumayoyoka, ndiye akufunsa kuti bwanji osagula za tungsten kapena molybdenum, poti anamva kuti sizisungunuka chisawawa.

Bambo, munamva zoona. Tungsten amasungunuka pa madigiri 3422 a Celsius, molybdenum pa 2623, pamene chitsulo wamba chikafika cha m'ma 1500 chayamba kale kuyenderera. Koma chikukudyerani zitsulo si kusungunuka ayi, ndi mpweya wa okosijeni, ndipo pamenepa zitsulo zotchukazi n'zofooka zedi. Molybdenum akatentha kupitirira madigiri 700 pamtetete, dzimbiri lake silimatirira. Limafuka utsi woyera n'kuuluka, chitsulo n'kumaonda mukuona. Inunso ndinu mboni: kangoiwalani kutsegula gasi wa argon pa makina owotcherera a TIG, muone mmene nsonga ya tungsten ija imadera n'kunyenyeka.

N'chifukwa chake opanga zitsulozi amazikuta kaye. Amakwirira chitsulocho mu ufa wa silicon wosakaniza ndi mankhwala ena m'bokosi lotseka, n'kuchiwotcha maola ambiri mpaka silicon atalowerera n'kupanga khungu lolimba. Mpweya ukakhudza khungulo, pamwamba pamabadwa kagalasi kopyapyala kotchinga okosijeni. Chimene ine chimandigometsa n'chakuti moto ukakula kagalasika kamafewa n'kumata kokha timing'alu. Zotenthetsera ng'anjo zamagetsi zopangidwa ndi molybdenum wophatikiza ndi silicon zimapirira mpaka madigiri 1800. Niobium, chitsulo china chomwe mwala wake umapezeka ku Kanyika m'boma la Mzimba, nayenso ankachita kumukuta asanamuike ku injini za zombo za Apollo zopita kumwezi.

Vuto lili pa moto wochepa. Pakati pa madigiri 400 ndi 600 kagalasi kaja sikapangika bwino, ndipo khungu limatha kusanduka ufa. Ng'anjo yanu ya nkhuni za bulugama imadutsa pamenepo nthawi zonse mukamasonkha ndi kuzimitsa. Onjezani chikuni chogwera mwamphamvu ndi fosholo yopalira phulusa: pakangokandika pamodzi, dzimbiri lapeza khomo.

Ndalama imeneyo musataye. Auzeni abwana afunse chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 310, chokhala ndi chromium pafupifupi 25 peresenti. Chimadzipangira chokha khungu loteteza, chimapirira kupitirira madigiri 1000, komanso mutha kuchiwotcherera nokha pa wekishopu.